Mapointi okha sanena zonse za mwana wofuna udokotala

Chaka chilichonse NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ikangotulutsa mayina a ana opita ku mayunivesite aboma, nkhani ya kota, yogawa malo potengera boma lomwe mwana amachokera, imadzukanso, ndipo pamene pamatentha kwambiri ndi pa malo a udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS chifukwa malowo ndi ochepa zedi pomwe pafupifupi aliyense ali ndi mwana kaya mphwake amene anakhoza bwino koma sanatengedwe. Ine ndimaphunzitsa sayansi pa CDSS ina kuno ku Mangochi ndiye anthu akamati "ingotengani amene wakhoza kwambiri basi" ndimamva ndithu, koma mtima wanga sukhala pansi.

Ndiyambe ndi za ku America chifukwa anzathu ambiri amakonda kuzitchula osazidziwa bwino. Kumeneko mkangano ndi wa khungu. Mzungu wina dzina lake Allan Bakke anakanidwa kawiri pa sukulu ya udokotala ya University of California ku Davis, pamene malo 16 mwa 100 ankasungira mitundu yomwe inkasalidwa, ndiye anakasuma, mu 1978 khoti lalikulu linati kusunga malo chonchi ndi kulakwa koma kuganizirako mtundu wa munthu pamodzi ndi zinthu zina palibe vuto. Zinayenda choncho mpaka June 2023 pamene khoti lomwelo pa mlandu wa Harvard ndi University of North Carolina linatseka khomo limenelo. Amene anasangalala amati mayeso a MCAT, olowera sukulu ya udokotala kumeneko, sadziwa khungu la munthu. Zoona, pepala silidziwa khungu. Koma mu 1910 lipoti la Abraham Flexner lounika sukulu za udokotala litatuluka, sukulu 7 zophunzitsa madokotala akuda zinatsala 2 zokha, Howard ndi Meharry, ndipo mpaka lero madokotala akuda sakwana 6 pa 100 aliwonse pomwe anthu akuda m'dzikomo ndi pafupifupi 13 pa 100. Zimenezi si mitu ya anthu, ndi zitseko zomwe anthu anatseka dala.

Kwathu kuno si khungu, ndi boma lochokera, koma nkhani yake ikufanana ndithu. Ndipo ife a ku Mangochi mbiri imeneyi ili pakhomo pathu penipeni. Mishoni ya Livingstonia inayambira kuno ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881 kenako ku Khondowe, ndipo sukulu zinapita nawo limodzi. Kuno makolo ambiri achisilamu ankaopa kutumiza ana ku sukulu za mishoni poti akasiya chipembedzo, ndipo sindingawadzudzule, nthawi imeneyo sukulu ndi tchalitchi zinali chinthu chimodzi. Ndiye kumpoto kuli mabanja oti agogo a agogo ankawerenga, pomwe kuno ndikuphunzitsa ana oti iwowo ndi oyamba m'banja lonse kufika Fomu 4.

Kota inabwera mu 1987 nthawi ya Kamuzu, khoti linaikana mu 1993, Bingu anaibwezeretsa mu 2009, boma linaithetsanso mu 2020. Ndinene mosabisa, abale athu akumpoto analira ndipo kulira kwawo kunali ndi chifukwa, mwana wa ku Rumphi amene wagona ndi mabuku zaka zinayi n'kukhoza bwino kenako n'kumuuza kuti boma lanu ladzaza, ameneyo walakwiridwa, sanasankhe kobadwira. Komanso chimene chimandipweteka ine ndi choti kotayo sinkathandiza ngakhale ana athu amene amati ikuwathandiza. Inkafunsa kwanu ndi kuti, osati unaphunzira kuti. Ndiye mwana wa bwana wokulira ku Area 47 ku Lilongwe, waphunzira pa sukulu ya private ya labu yodzaza, pa fomu alemba kuti kwathu ndi ku Mangochi kwa T/A Makanjira koma kumeneko anapitako pa maliro pokha, malo a Mangochi atenga iyeyo. Mwana weniweni wa ku Makanjira ali phee kunyanja akuthandiza kuyanika usipa.

Tsono ndikuuzeni momwe mapointi amapangidwira kuno. Pa sukulu yathu labu palibe. Titration, kuyesa mphamvu ya mankhwala mu Chemistry, ndimajambula pa bolodi ndi choko, burette iyi, flask iyi, apa mtundu usintha ukhala pinki, ana alemba m'makope n'kuloweza. Ena amagwira burette yeniyeni koyamba patatsala masiku ochepa kuti alembe practical, tikabwereka zipangizo kwa anzathu, ndipo ndinaonapo mtsikana wina wanzeru kwambiri manja akunjenjemera akuopa kutsegula kampopi kaja kuti angaswe chinthu cha eni ake. Mtsikana ameneyu amadzuka m'mamawa kukatunga madzi, n'kupalasa njinga kubwera kusukulu, usiku amawerengera tochi ya foni. Akapeza mapointi 14 ndi mnzake wa ku national secondary wogonera konko, wodya katatu, wa aphunzitsi okwana, akapeza 9, inu mukuona ngati wanzeru ndani? Ine sindikunena kuti wa 9 alibe nzeru ayi. Ndikunena kuti 14 imeneyo yadutsa pa minga, ndipo amene akusankha ayenera kuziona.

Ena amati dokotala si nkhani yochitira chifundo, moyo wa munthu uli m'manja mwake. Ndikuvomereza kwathunthu. Koma palibe amene akupempha kuti mwana apatsidwe digiri yaulere, akangolowa alemba mayeso omwewo ndi anzake, chaka choyamba chija cha premed, chokonzekera maphunziro a udokotala, chilipo ndithu chosefa, wolephera abwerera. Chomwe ndimadana nacho ndi kunyoza kuja koti "ameneyu analowa pa kota," komwe ku America madokotala akuda amakumana nako ngakhale atakhoza bwanji, ndipo kuno ndamvapo anthu akunenera madokotala a ma boma athu ano ngati kuti anabera wina.

Ndipo kuchipatala zimaoneka. Ndinaperekezapo azakhali anga a ku Namwera amene Chichewa amangomva pang'ono, dokotala anali wachinyamata waulemu wake, anayesetsa ndithu, koma Chiyao sankamva ngakhale pang'ono, ndiye vuto la amayi lomwe amachita nalo manyazi ndinkamasulira ndine mwana wamwamuna, iwo ataweramitsa mutu akufinya nsonga ya chitenje. Theka la zomwe ankamva m'thupi sananene, anadzauza achemwali anga kunyumba. Ana a udokotala amabwera kuno ku kampasi ya Mangochi kudzaphunzira zaumoyo wa m'midzi, amafika mpaka ku Lungwena, ndi chinthu chabwino kwambiri, koma akamaliza ambiri amakakhala m'tauni kaya kunja, ndipo sindiwada, kwawo si kuno.

Ndiye ine pempho langa kwa a NCHE ndi a KUHeS si loti abwezeretse kota ya ma boma, imeneyo isabwerenso. Ayang'ane sukulu imene mwana analembera MSCE, nambala ya senta ili kale pa zotsatira za MANEB, palibe angabere ponena kuti kwathu ndi kwakuti. Mwana amene watsogola pa CDSS yopanda labu, kaya ndi ku Chitipa kaya ku Nsanje kaya kuno ku Katuli, apatsidwe mpata wolowa premed akayesedwe pamodzi ndi anzake. Ndipo a unduna wa zamaphunziro atipatse labu ndi aphunzitsi a Physics ndi Chemistry, chifukwa pano ndikuphunzitsa maphunziro onse awiri ndekha kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4.