Lachitatu mauthenga onse anabwerera

Sabata ino yandithera pa mzere umodzi wa XML, kalembedwe ka mauthenga omwe makompyuta athu amatumizirana ndi a makampani ena. Lachitatu masana, malipiro a anthu ali pamzere poti ndi kumapeto kwa mwezi, uthenga uliwonse wopita kwa kampani ina yomwe timagwira nayo ntchito unayamba kubwerera. Iwo anali atasamutsira sevisi yawo ku WCF, pulogalamu ya Microsoft yolumikizitsa masevisi, usiku, osatiuza. Ife tili pa Apache CXF, pulogalamu ina yogwira ntchito yomweyo, ndipo chilumikizireni timalemba ma header (mitu ya uthenga) ndi namespace (chizindikiro cha malamulo omwe uthenga ukutsata) ya WS-Addressing, malamulo olembera adilesi pa uthenga, ya mu August 2004, ija ya schemas.xmlsoap.org/ws/2004/08/addressing, chifukwa sevisi yawo yakale inkamva yomweyo. Koma wsHttpBinding, binding (njira yolumikizira) ya WCF yomwe iwo anasankha, imafuna WS-Addressing 1.0, yomwe W3C, bungwe loika malamulo a intaneti, linavomereza mu 2006, ya www.w3.org/2005/08/addressing. WCF inkangoti sikuona Action, header yonena ntchito yomwe uthenga ukupempha, pomwe Action ili apo, yangovala namespace ina.

Mnyamata wa kwawoko anakakamira pafoni kuti vuto lili kwa ife. Ndinamutumizira uthenga wonse monga unachokera pa seva, ndati achimwene, werengani xmlns:wsa yokhayo, pomwe palembedwa namespace. Sindinafune kusintha mbali yathu yonse, popeza makampani ena awiri akadali pa 2004/08. Komanso kusintha namespace kokha sikukwana: adilesi ya anonymous (yotanthauza kuti yankho libwerere njira yomwe uthenga wadzera) mu ReplyTo, header yonena kopita yankho, ndi yosiyana. Yakale imathera ndi role/anonymous, yatsopano ilibe role, ndipo ukaiwala pamenepo yankho silikupeza. Tinagwirizana kuti atsegule endpoint (khomo lolandirira mauthenga) yachiwiri ya customBinding, binding yomwe umadzikonzera wekha, messageVersion ikhale Soap12WSAddressingAugust2004 kuti izimva namespace yakale ija. Malipiro anayamba kudutsa kunja kutada.

Chandipweteka mtima ndi chakuti izi zikanaoneka kalekale tikanakhala ndi seva yoyesera yolumikizana ndi iwo. Ndakhala ndikuipempha, yankho ndi lomwe lija, bajeti palibe. Mgwirizano wathu ndi iwo sunenanso kuti azitichenjeza asanasinthe binding. Lachinayi m'mawa abwana anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani zinatenga nthawi chonchi. Ndinawayankha mwaulemu kuti bwana, ndinali ndekha, mnzanga uja anachoka ndipo malo ake sanalowepo munthu. Anangogwedeza mutu.

Masiku enawo ndi zomwe mukudziwa: satifiketi yotsala pang'ono kutha, ma log odzaza disiki, magetsi kuthima. Lachisanu ndalemba client (pulogalamu yotumiza mauthenga) yapadera ya WS-Addressing 1.0 kuti tidzatseke endpoint yongoyembekezera ija, koma kuiyesa ndiiyesera pa seva yeniyeni, usiku, poti kwina kulibe.