Mzinga wa madola mamiliyoni pogwetsa droni yotchipa

Anzanga, nkhani ya chitetezo cha mumlengalenga ikundidetsa nkhawa. Ku Ukraine, Russia imatumiza madroni a Shahed ambirimbiri usiku umodzi, ndipo ndi otchipa kwambiri. Koma mzinga umodzi wa Patriot, chida cha ku America chogwetsera ndege ndi mizinga ya adani, umadya pafupifupi madola 4 miliyoni. Dziko liti lingapirire kuwononga ndalama chonchi kwa zaka?

Patriot ndi chida champhamvu, palibe angatsutse. Mu Meyi 2023 chinagwetsa mzinga wa Kinzhal ku Kyiv, likulu la Ukraine, mzinga womwe a Russia ankautama kuti palibe angaugwetse. Ndiye chisungidwire adani oopsa ngati amenewo. Madroni agwetsedwe ndi mfuti zowombera ndege zotchedwa Gepard, madroni ena owasaka, kapena kuwasokoneza ndi mafunde a wailesi.

Koma chondikhudza kwambiri ndi kulumikizana. Radar (makina ounikira zouluka mumlengalenga), ndege ndi asilikali a pansi aziona zofanana nthawi imodzi, kuti asawombere chinthu chimodzi kawiri, kapena kugwetsa ndege yawo yomwe. Mu Epulo 2024, Iran itaponya madroni ndi mizinga yoposa 300 ku Israel, zambiri zinagwetsedwa chifukwa Israel, America, Britain, France ndi Jordan anagwirana manja.