Mabanja akuchepa koma Mzuzu ikungofufuma

Sabata ino m'kalasi tili pa mutu wa chiwerengero cha anthu ndipo manambala a kuno kwathu ndi amene andigwira kwambiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, kumpoto kuno tili 13 pa 100 aliwonse basi, koma Mzuzu yokha inachoka pa anthu pafupifupi 134,000 mu 2008 kufika 221,000 mu 2018. Amene wazungulirako ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo sangatsutse, malo amene anali tchire pano ndi malata okhaokha.

Anthu amakonda kunena zoti a Malawi timangobereka, komatu mabanja achepa ndithu. Mu 1992 mayi m'modzi amabereka ana 6.7 tikagawa pakati, pofika 2016 anali 4.4. Nde bwanji tikuchulukabe? Nkhani ndi zaka. Theka la a Malawi ndi ana osakwana zaka 18, ndiye atsikana amene adzaza m'mapulayimalewa olo aliyense adzabereke atatu okha, amayiwo ndi ambiri zedi moti chiwerengero chizingokwerabe kwa zaka zambiri, kulera sikungabweze zimenezo lero ndi lero ayi.

Za kupuma pantchito m'mabuku amangotchula Japan, kumene pafupifupi anthu 3 pa 10 aliwonse afika zaka 65, kumidzi masukulu akutsekedwa nyumba kungokhala zopanda munthu. Kwathu kuno a zaka zimenezo ndi pafupifupi 4 pa 100, ndipo penshoni ndi ya ochepa, mlimi wa fodya ku Rumphi amapuma liti? Pa mayeso ndilemba Japan yomweyo, koma ine ndikuona kuti opuma athu ali ndi mbali yawo. M'boma amapuma pa zaka 60, ndipo si onse akubwerera kumudzi ngati kale, ena akugula puloti konkuno kuti akhale pafupi ndi chipatala cha Central kamba ka shuga ndi BP, kumbuyo nkumangako tinyumba ta lendi. Ndiye lowani m'nyumba ya agogo otere muone. Adzukulu amene makolo awo ali ku Joni kapena ku Lilongwe, mwana wa achimwene wochokera ku Karonga wabwera kudzachita sekondale, wina akuti akudikira ntchito chaka chachitatu. Wopuma ndi m'modzi koma pa nsima pakukhala anthu naini, ndipo kalembera akamadzabwera onsewo adzalembedwa a Mzuzu.