Ku Urnes: kuyeza nsanamira osaidula

Kuti ufike ku tchalitchi cha Urnes ku Norway umakwera boti pa mudzi wa Solvorn, kuwoloka nyanja yopapatiza ya Lustrafjord, kenako n'kukwera chitunda wapansi. Tchalitchichi n'chamatabwa okhaokha, chakuda bii ndi phula, ndipo chinamangidwa cha m'ma 1130. UNESCO inachiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1979. Matchalitchi amtunduwu atsala 28 okha m'dziko lonse la Norway.

Ndinali ndi mayi wina, injiniya wa nyumba zakale zamatabwa. Tili m'katimo ndinawafunsa kuti, "Mayi, mumadziwa bwanji kuti nsanamira izi zidakali ndi mphamvu?" Anati choyamba amafuna kudziwa kuthinana kwa mnofu wa mtengowo, ndiko kuti kulemera kwake poyerekeza ndi kukula kwake, chifukwa mtengo wothinana ndiwo umasenza katundu. Paini wouma wa kumeneko amalemera pafupifupi makilogalamu 500 pa kyubiki mita. Koma ndani angalole kuti udule chidutswa cha nsanamira ya zaka pafupifupi 900 kuti ukachiike pa sikelo?

M'tchalitchimo sitinakhudze kanthu. Zipangizo anandionetsera m'khola lina lakale kumene ankagwira ntchito. Anayamba ndi Pilodyn, kachipangizo koponya kamsomali mu thabwa ndi mphamvu yofanana nthawi zonse. Kakalowa kwambiri, thabwalo n'lopepuka. Vuto lake n'lakuti kamangomva pamwamba pokha, pamene dzuwa ndi mvula zadya kale.

Chimene chinandigwira mtima ndi Resistograph. Ili ndi singano yaitali, yansonga ya mamilimita 3, yomwe imaboola pang'onopang'ono uku makina akujambula mmene mtengo ukukanira. Mzerewo umakwera ndi kutsika ngati mano a sowo: pokwera ndi mnofu wolimba umene mtengo umapanga kumapeto kwa nyengo yokula, potsika ndi wofewa wa kumayambiriro kwake. Ndinkaona zaka za mtengowo zikutuluka china pambuyo pa chinzake. Pa nsanamira ina, yooneka bwinobwino kunja, singano itafika chapakati mzere unagwa n'kungoyenda pansi. M'kati munali mutaola.

Anayezanso ndi phokoso. Amagogoda mbali imodzi, kachipangizo n'kuwerenga nthawi imene kugundako kwatenga kuti kufike mbali inayo. Motsata utali wa mtengo wabwino phokoso limathamanga pafupifupi mamita 5,000 pa sekondi, koma likapeza mphako limazungulira n'kuchedwa.

Mayiwa sankakhulupirira chipangizo chimodzi, ndipo ndikugwirizana nawo. Chinyezi chimasokoneza zonse, n'chifukwa chake manambala amawasinthira ku chinyezi cha 12 peresenti. Mfundo ya mu thabwa imakweza mzere, singano yobuntha nayo imanama. Akapeza chidutswa chochotsedwa pokonza nyumba, amachiyeza pa sikelo kuti aone ngati makinawo akunena zoona pa mtengo wamtundu umenewo.

Zimandipweteka kuti mitanda yambiri yakale imatayidwa chifukwa chongooneka yakuda ndi yong'aluka, pamene ina yofumbwa m'kati imasiyidwa ili pamitu pa anthu. Pa nsanamira yoola ija, mayiwa anaboolanso m'mwamba mwake mpaka mzere unayambanso kukwera, n'kulemba ndi choko pamenepo. Anauza kalipentala kuti adule m'munsi mokha, alumikize paini watsopano, kumtunda konse kukhale momwemo.