Momwe ndinakhazikitsira seva yathuyathu yochezerapo

Gulu lathu la ojambula zithunzi muno mu Blantyre linkafuna tsamba la mchezo lomwe makiyi ake tizisunga tokha, ndipo ntchitoyo anandipatsa ine.

Poyamba maso anga anali pa Mastodon, pulogalamu yoyendetsera tsamba la mchezo yomwe Eugen Rochko anayambitsa mu 2016. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woona mkati mwake ndi kuisintha. Koma kuti iyende imafuna mapulogalamu ena othandizira monga PostgreSQL, Redis ndi Sidekiq, komanso njira yotumizira ma email, ndiye kwa anthu ochepa ngati ife zinali ngati kugula lole kuti unyamulire thumba limodzi la chimanga. Ndinasankha GoToSocial, pulogalamu ina yopepuka yogwira ntchito yomweyo. Ndi fayilo imodzi, imagwira ntchito ndi SQLite (database yaing'ono yosungiramo mauthenga ndi maakaunti), ndipo imakhutira ndi seva ya 1GB RAM. Mapulogalamu awiriwa amalankhulana kudzera mu ActivityPub, njira yomwe ma seva osiyanasiyana amatumizirana mauthenga, choncho ife timatha kutsatira munthu wa pa Mastodon kapena Pixelfed (pulogalamu yogawirana zithunzi), iyenso n'kumatitsatira.

Anzanga ena ankati tingoiika pa laputopu yakale kwathu ku Chilomoni. Ndinakana. Magetsi akazima seva imazima nawo, komanso intaneti ya pa simu khadi kawirikawiri siikupatsa public IP (adiresi yooneka pa intaneti yonse), motero ma seva ena sangakupeze. Tinachita lendi VPS ya kunja, yomwe ndi seva ya pa intaneti yosungidwa ndi kampani. Apa ndiye panali ntchito, chifukwa amafuna kulipira ndi khadi mu ndalama zakunja, ndipo inu nomwe mukudziwa momwe forex ikuvutira. Yambani mwathana ndi zimenezi musanakhudze china chilichonse.

Dzina la domain, lomwe ndi adiresi ya tsamba lanu pa intaneti, musalisankhe mothamanga. Seva ikangoyamba kulumikizana ndi anzake, dzinalo silisinthikanso popanda kuyambiranso zonse, chifukwa lili mu adiresi ya membala aliyense. Ife tinakhala pansi Loweruka masana mpaka tinagwirizana. Amene mukufuna dzina lothera ndi .mw, amayang'anira ndi a Malawi SDNP.

Zotsalazo zinayenda msanga. Ndinalozetsa A record (mzere wolumikiza dzina la domain ndi seva) ku IP ya seva, n'kulemba dzina lathu pa mzere wa host mu config.yaml (fayilo ya zosankha za GoToSocial), n'kuyatsa Let's Encrypt, yopereka satifiketi ya chitetezo cha tsamba, yomwe ili kale mkati mwa pulogalamuyi. Akaunti yoyamba ndinaitsegula pa terminal (polembera malamulo a kompyuta) ndi lamulo la admin account create, kenako admin account promote kuti ikhale ya woyang'anira. GoToSocial ilibe tsamba lake lolemberapo, ndiye pa foni tonse tinaika Tusky, pulogalamu yolembera ndi kuwerengera mauthenga.

Nditalowa koyamba ndinapeza mbee, palibe ngakhale uthenga umodzi. Musadandaule, sikuti chaonongeka. Seva yatsopano siidziwa aliyense mpaka mutayamba kutsatira anthu. Ndinalemba maadiresi athunthu a ojambula angapo m'bokosi losakira, ndipo pofika madzulo zithunzi zinayamba kubwera.

Zithunzi zomwezo ndi zomwe zimadzaza disiki, poti seva imasungako kope la zonse zochokera kwina. Onetsetsani masiku omwe zimakhala zisanafufutike. Database ndi zithunzi za mamembala ndimazikopera kwina sabata ndi sabata, chifukwa ndi ntchito ya manja a anzanga ndipo sindingapirire kuiona itatayika.

Kulembetsa tinatseka, wofuna kulowa amadzera kwa mmodzi wa ife. Ndalama ya seva timasonkherana pa Mpamba ndi Airtel Money mwezi usanathe, ndipo mnzanga wina ndayamba kumuphunzitsa zonsezi kuti seva isamadalire ine ndekha.