Mafunde a terahertz ndi tiyi wathuyu

Pali mafunde ena ake osaoneka ndi maso, amtundu umodzi ndi kuwala komanso mafunde a wailesi, amati terahertz (mwachidule THz), ali pakati pa a microwave ndi a infrared, kuyambira 0.1 mpaka 10 THz. Pa 1 THz funde lake kutalika ndi 0.3 mm basi. Amadutsa pepala, katoni, pulasitiki ndi nsalu koma saononga maselo am'thupi ngati X-ray chifukwa mphamvu yake ndiyochepa. Akagunda chitsulo amabwerera. Akapeza madzi ndiye basi, amamezedwa.

Pamadzipa ndi pomwe pandikoka ine wakuno ku Thyolo. Mu 1995 ku Bell Labs ku America, asayansi awiri, a Hu ndi a Nuss, pojambula zithunzi zoyamba ndi mafundewa anatenga tsamba, analijambula lili laliwisi kenako patatha maola 48, ndipo zimaonekeratu pomwe madzi atsala ndi pomwe pauma, tsamba osaling'amba ayi. Nde taganizani kufakitale, masamba a tiyi amabwera kuchoka kumunda madzi ali cha m'ma 75 mpaka 80 peresenti, amawayala kuti afote afike cha m'ma 70 asanalowe mu CTC (makina ophwanya, kung'amba ndi kupinda masamba), pomaliza tiyi wouma atsale ndi 3 peresenti kapena chapompo, ukangophonya pofotetsapo tiyi yense kakomedwe kathawa ndipo ku okushoni ku Limbe ogula sakumvera chisoni. Akapitawo akalekale amangofinya masamba m'manja n'kudziwa kuti afota, ulemu wawo, koma dzanja limagwira pamwamba ndi malo ochepa, m'mbali mwinamo masamba akadali aawisi.

Kunjaku zikugwira kale ntchito. Chombo cha mumlengalenga cha Columbia chitasweka mu 2003, a NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, anayamba kuunika nawo thovu lokutira thanki yamafuta kuti aone ming'alu yamkati. Ena amayezera kukhuthala kwa penti pagalimoto, ena chikutiro cha mapilitsi.

Koma tisanamizane aise, kuti zifike kuno mawa ndakaika. Makina ake ambiri amadalira laser yodula heve, pomwe mamita a chinyezi a infrared alipo kale otchipirapo. Chinanso, nthunzi yamumpweya nayonso imawadya mafundewa, m'malabu amachita kupopera mpweya wouma kapena nayitrojeni kuti muyezo utuluke bwino, nde kuno mu June chiperoni chikatsika kuchokera ku Mozambique mpaka zovala kukana kuuma pachingwe zingatheke bwanji? Ngati pali poyambira ndi ku Mimosa ku Mulanje, a Tea Research Foundation ayese kaye m'labu pa mitundu yatiyi yopirira chilala, aone tsamba liti likusunga madzi mu October.