Duwa lomwe ndinaliderera

Sabata yonseyi pa tebulo langa pakhala duwa limodzi, Catharanthus roseus, lija ena amati periwinkle. Aphunzitsi anatiuza kuti tilijambule ndi kutchula ziwalo zake. Ine ndinangoti za ziii, duwa lomera lokha m'mbali mwa msewu lingandivute?

Nditathyola tsamba panatuluka utomoni woyera ngati mkaka, chizindikiro cha banja lake la Apocynaceae. Masamba ake ndi onyezimira, amakhala awiriawiri moyang'anana. Pamwamba duwali limaoneka ngati tizigawo tisanu tosiyana, koma kunsi tinalumikizana n'kupanga kachubu kopyapyala. Mpaka ndinachita kukang'amba ndi lezala kuti ndione pomwe pali mungu, chifukwa unabisala m'kati. Chojambula changa choyamba chinalibe zonsezi. Ndinajambula za m'mutu.

Kwawo kwenikweni kwa duwali ndi ku Madagascar, koma linafalikira m'mayiko otentha ambiri. Ku Jamaica anthu ankawiritsa masamba ake n'kumamwa ngati mankhwala a shuga. Mbiri imeneyi ndi yomwe inafikitsa masambawo kwa Robert Noble, wofufuza wa pa yunivesite ya Western Ontario ku Canada. Atabaya makoswe ndi madzi a masambawo, shuga sanatsike monga ankayembekezera. Chomwe chinatsika ndi maselo oyera a m'magazi, omwe amateteza thupi ku matenda, makoswe n'kumafa ndi matenda. Wina akanangoti zakanika basi. Koma Noble pamodzi ndi wofufuza mnzake Charles Beer anafunsa kuti, nanga chinthu chochepetsa maselo oyera sichingathandize pa khansa yomwe imachulukitsa maselo omwewo? Pofika 1958 anali atapeza mankhwala a khansa otchedwa vinblastine. Vincristine, wochokera m'chomera chomwechi, anavomerezedwa ku America mu 1963, ndipo mpaka lero ali m'gulu la mankhwala ochiza khansa ya m'magazi mwa ana. Onsewa amaletsa selo kugawikana.

Apa ndi pomwe ndakhala ndikusinkhasinkha. Kodi anthu a ku Jamaica analakwa? Sindikuganiza choncho. Anaona kuti chomerachi chili ndi mphamvu, ndipo akanapanda iwo masamba aja sakanafika mu labotale. Koma wina asatengere pamenepa n'kuwiritsa masamba kuti achize khansa. Mankhwalawo amapezeka ochepa zedi m'tsamba, amaperekedwa kudzera mu mtsempha atayezedwa bwino, ndipo chomeracho chili ndi poizoni.

Dzulo ndajambulanso, ulendo uno ndi kachubu kong'ambidwa komanso zipatso zake ziwiri zooneka ngati tinyanga. Utomoni uja wasiya banga pakona pa pepala, ndipo ndipereka momwemo.